Kujambula misoko ya zitsulo ndi sosi ya rediyeshoni: ndondomeko yotetezera ogwira ntchito

Anthu ambiri amene amagwira ntchito yojambula misoko ya zitsulo zowotcherera, pofuna kuona ngati mkati mwake muli ming'alu kapena timibowo, amadziwa bwino kuika filimu, kuwerengera nthawi yojambulira ndiponso kuwerenga chithunzi chikatsukidwa. Chimene chimawavuta kawirikawiri ndi kantchito kosatenga ngakhale mphindi ziwiri, komwe ndi kutsimikiza ndi mita yoyezera rediyeshoni kuti sosi, kachitsulo kakang'ono kotulutsa rediyeshoni yojambulira, yabwereradi m'kamera, chomwe ndi chibokosi chotchinga chosungiramo sosiyo, munthu asanagwire chubu chimene sosi imadutsamo kapena kusuntha zida. Malipoti a ngozi amene bungwe loona za mphamvu ya atomiki padziko lonse la International Atomic Energy Agency, lodziwika kuti IAEA, lakhala likutulutsa amasonyeza vuto lomweli mobwerezabwereza: wojambula anapukusa waya wobwezera sosi, anangoganiza kuti sosi yalowa, ndipo sanayeze. Rediyeshoni sioneka, sinunkha ndipo sipweteka pa nthawi imene ikulowa m'thupi, choncho mita yokha ndi imene ingakuuzeni pamene sosi ili.

Malangizowa ndi a amene amagwiritsa ntchito sosi ya gamma, makamaka Iridium-192, kunja kwa chipinda chotchingidwa, monga pa mapaipi, pa matanki a mafuta, pa maboyila a m'mafakitale ndi m'migodi. Makina a X-ray mukawazimitsa rediyeshoni imathera pomwepo, koma sosi ya gamma ilibe pozimitsira, ndipo n'chifukwa chake imafuna mwambo wokhwima. Zolembedwa pano sizikulowa m'malo mwa maphunziro kapena laisensi. Ku Malawi laisensi imachokera ku Atomic Energy Regulatory Authority motsatira lamulo la Atomic Energy Act la 2011, ku Zambia imachokera ku Radiation Protection Authority, ku Zimbabwe ku Radiation Protection Authority of Zimbabwe, ndipo ku Mozambique ku Agência Nacional de Energia Atómica. Ngati nambala ina pano ikusiyana ndi imene ili pa laisensi yanu, tsatirani ya pa laisensi.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kamera yosungira sosi, imene ena amaitcha pulojekita, pamodzi ndi chopukusira ndi waya wake, chubu chotsogolera sosi, ndi kolimeta ya tangisiteni yokwanira kumapeto kwa chubucho, imene imatchinga rediyeshoni kuti izilowera mbali imodzi yokha.
- Saveyi mita, yomwe ndi mita ya m'manja yoyezera rediyeshoni, yokhala ndi satifiketi yosonyeza kuti inayezedwa m'miyezi 12 yapitayi, mabatire ena apadera, ndipo ngati n'kotheka mita yachiwiri.
- Baji yosunga kuchuluka kwa rediyeshoni imene munthu walandira, ya mtundu wa TLD kapena OSL, ya munthu aliyense, yolembedwa dzina lake, komanso dosimita ya alamu imene imalira rediyeshoni ikakwera.
- Geji imene opanga kamera amapereka yoyezera ngati mutu wa waya ndi cholumikizira cha sosi zaperepeseka.
- Chingwe kapena tepi ya malire, zikwangwani za chizindikiro cha rediyeshoni cha masamba atatu, nyali zophethira, sayirini kapena wezulo, tochi ndi mawailesi olankhulirana.
- Zida za pangozi, zomwe ndi matumba a timibulu ta mtovu, chopanira chachitali pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndi chosungira china chotchinga choti sosi ingaikidwemo.
- Mapepala a ntchito: laisensi, satifiketi ya sosi ndi tchati chosonyeza mmene mphamvu yake ikutsikira, malamulo a kampani, pulani ya pangozi yokhala ndi manambala a foni, ndi buku lolembamo kayendedwe ka sosi.

Pa zonsezi onjezani anthu. Ojambula azikhala osachepera awiri pa sosi imodzi, ndipo ofisala woona za chitetezo ku rediyeshoni, amene pantchito amangomutchula kuti RPO, azikhala pamalopo kapena azipezeka pa foni nthawi yonse imene sosi ili kunja kwa sitolo.

## Ndondomeko yake

### 1. Werengerani mphamvu ya sosi ndi mtunda musanachoke ku ofesi

Satifiketi imanena mphamvu imene sosi inali nayo pa tsiku loiyeza, osati lero. Iridium-192 imataya theka la mphamvu yake pa masiku 74 aliwonse, Selenium-75 pa masiku pafupifupi 120, pamene Cobalt-60 imatenga zaka zopitirira pang'ono 5. Pezani pa tchati mphamvu ya tsiku la ntchito, kenaka muwerengere dozi, yomwe ndi kuchuluka kwa rediyeshoni imene thupi likulandira. Dozi imayezedwa mu mSv, pamene mphamvu ya sosi imayezedwa mu GBq kapena m'makyuri.

Sosi ya Iridium-192 yosatchingidwa imapereka pafupifupi 0.13 mSv pa ola pa GBq iliyonse kwa munthu amene waima mita imodzi kuchokera pamene sosiyo ili. Tiyerekeze kuti lero sosi yanu ili ndi makyuri 50, omwe ndi 1,850 GBq. Pa mita imodzi ikupereka pafupifupi 240 mSv pa ola. Malinga ndi miyezo ya IAEA ya 2014, wogwira ntchito sayenera kupitirira 20 mSv pachaka powerengera avareji ya zaka 5, ndiponso sayenera kupitirira 50 mSv m'chaka chilichonse pachokha, pamene munthu wamba malire ake ndi 1 mSv pachaka. Izi zikutanthauza kuti wojambula woima mita imodzi kuchokera pa sosi imeneyi amamaliza dozi yake ya chaka chonse m'mphindi 5, ndipo mlonda kapena wowotcherera amene wangodutsa amamaliza yake m'masekondi 15.

Mtunda ndiwo chitetezo chotchipa kuposa china chilichonse. Mukatalikira kawiri rediyeshoni imatsika kanayi, ndipo mukatalikira kakhumi imatsika ka 100, kotero kuti pa mamita 10 sosi yathu ija ikupereka 2.4 mSv pa ola. Mabungwe ambiri oyang'anira amafuna kuti pa chingwe cha malire rediyeshoni isapitirire mlingo wa pakati pa 7.5 ndi 20 µSv pa ola. Dziwani kuti 1,000 µSv ndi 1 mSv. Popanda chotchinga chilichonse, kuti mufike pa 7.5 µSv pa ola mungafunike kuika chingwe mamita pafupifupi 180 mbali zonse, zimene sizitheka m'mafakitale ambiri. Kolimeta imene imachepetsa rediyeshoni ka 16 imatsitsa mtundawo kufika pa mamita 45 kumbali zimene yatchinga, koma kumene ikulozera mtunda umakhala wautalibe, kupatula zimene chitsulo chojambulidwacho chameza. Kuti mudule rediyeshoni ya Iridium-192 ndi theka pamafunika mtovu wokhuthala pafupifupi mamilimita 5 kapena konkire ya masentimita 4 mpaka 5, pamene Cobalt-60 imafuna mtovu wa mamilimita pafupifupi 12.

Chenjezo: sosi imene ojambula amati yafooka, chifukwa ikuchedwetsa chithunzi, siinafooke kwa thupi la munthu. Ku Gilan, m'dziko la Iran, mu 1996, wantchito pa malo opangira magetsi anatola sosi ya 185 GBq yokha, gawo limodzi mwa magawo khumi a sosi ya m'chitsanzo chathu, n'kuiika m'thumba la pachifuwa, ndipo anapsa koopsa moti madokotala anachita kumuika khungu lina.

### 2. Gwirizanani ndi eni malo

Tsiku lisanafike, yendani pamalopo masana pamodzi ndi woyang'anira malowo, ndipo muone zimene zili pamwamba ndi pansi, osati m'mbali mokha. Nsanja za omanga, makwerero, ngalande, mapaipi aakulu oti munthu angalowemo ndi zipinda za kuseri kwa khoma zonse zilembedwe pa mapu a malire. Tengani chilolezo cholembedwa chosonyeza maola ojambulira, ndipo woyang'anira auze magulu onse, kuphatikizapo alonda ndi osesa, amene nthawi zambiri sapezeka pa misonkhano ya m'mawa pamene ndiwo amakhala pamalopo usiku. Ngati paipi ikudutsa pafupi ndi mudzi kapena msika, kaonaneni ndi amfumu kapena akomiti, ndipo zikwangwani zikhale m'chinenero chimene anthu a kumeneko amawerenga.

Pa msonkhano womwewo onetsani anthu chithunzi cha sosi ili pa kachingwe kake. Imaoneka ngati kaunyolo konyezimira kolendeweretsera makiyi, ndipo munthu wosadziwa akakaona pansi amakatola. Ku Yanango, m'dziko la Peru, mu February 1999, wowotcherera zitsulo pa malo opangira magetsi ndi madzi anatola sosi ya Iridium-192 ya 1,370 GBq, anaiika m'thumba la kumbuyo la buluku lake kwa maola angapo mpaka kukafika nayo kunyumba, ndipo mapeto ake anadulidwa mwendo. Ku Morocco mu 1984 sosi yotoledwa chomwechi inakasungidwa m'nyumba ndipo anthu 8 anamwalira.

### 3. Yesani zida zonse tsiku lililonse

Yambani ndi mita. Onani batire, kenaka iyandikizeni pa kamera, pa malo amodzimodzi amene mumayezapo nthawi zonse, ndipo mulembe nambala imene yawerenga. Nambala imeneyi ndi yofunika kwambiri chifukwa ndi imene muziyerekeza nayo tsiku lonse. Pa kamera yonyamula m'manja yopangidwa motsatira muyezo wa padziko lonse wa ISO 3999, rediyeshoni siyenera kupitirira 2 mSv pa ola pathupi pa kamerayo kapena 0.02 mSv pa ola pa mita imodzi. Yesaninso dosimita ya alamu kuti mumve kulira kwake.

Kenaka tulutsani gawo la kumapeto la waya wa chopukusira, muone ngati lachita dzimbiri, lapindika kapena tizingwe take tayamba kuthothoka, ndipo muyeze mutu wake ndi geji. Mutu ukadutsa pamene suyenera kudutsa, waya ameneyo asagwirenso ntchito ngakhale tsiku limodzi. Yendetsani dzanja pa chubu chonse pofufuza malo ophwanyika kapena otiwikana, ndipo muonetsetse kuti mkati mulibe mchenga. Fumbi la nyengo yachilimwe ndi matope a nthawi ya dzinja ndi zimene zimalimbitsa waya mpaka sosi kukanirira panjira, choncho zivindikiro za kumapeto kwa chubu ndi za kamera zizibwezeredwa nthawi iliyonse mukamasula.

Chenjezo: musathire girisi wamba kapena mafuta a injini pa waya. Gwiritsani ntchito okhawo amene opanga kamera ananena, chifukwa mafuta ena amauma ndi kumata akakhala pafupi ndi rediyeshoni.

### 4. Nyamulani sosi motsatira malamulo a katundu woopsa

Sainani m'buku potulutsa kamera m'sitolo. M'galimoto kamera ikhale yokhoma, yomangidwa kuti isagubuduke, ndiponso kutali ndi pokhala anthu mmene mungathere. Galimoto ikhale ndi zikwangwani za katundu woopsa wa gulu 7 ndi mapepala ake, isanyamule anthu a matola, ndipo isasiyidwe yokha pa malo odyera kapena ogona. Sosi zojambulira zili m'gulu lachiwiri pa magulu asanu a kuopsa amene IAEA inakhazikitsa, kotero kuti kamera ikabedwa nkhani yake imakhala ya dziko lonse, osati ya kampani yokha.

### 5. Ikani malire ndipo muchotse anthu

Mangani chingwe pa mtunda umene munawerengera, pachikani zikwangwani ndi nyali polowera paliponse, kenaka yendani m'kati monsemo ndi tochi, mukuitana mokweza ndi kusuzumira m'mapaipi, kuseri kwa matanki ndi pamwamba pa nsanja. Usiku wozizira mlonda akhoza kugona pa malo otentha pafupi ndi boyila ndipo sangamve sayirini. Ngati malo ndi aakulu moti simungaone chingwe chonse muli pa chopukusira, ikani anthu ena olondera kunja kwa chingwecho, aliyense ndi wailesi.

### 6. Lumikizani zida

Tsatirani dongosolo la m'buku la kamera yanu, popeza makamera amasiyana, koma mfundo izi ndi za onse. Chubu chikhale chachifupi ndiponso chowongoka mmene zingathekere, popanda kuchipinda mwakuthwa, ndipo chisatalike kuposa pamene waya angafike. Kolimeta imangidwe molimba ndipo ilozere pansi kapena kumene kulibe anthu. Mukakoweka mutu wa waya pa cholumikizira cha sosi, yang'anani ndi maso, mogwiritsa ntchito tochi ngati kuli mdima, kenaka kokani pang'ono kuti mumve kuti zagwirana. Tambasulani chopukusira utali wake wonse, chikhale kumbuyo kwa kamera, ndipo ngati pali khoma kapena thanki, imani kuseri kwake. Loko itsegulidwe pomaliza, zonse zitakonzeka ndipo mnzanu atatsimikiza kuti m'malire mulibe munthu.

Chenjezo: onetsetsani kuti chitsulo chojambulidwa, makwerero kapena maginito ogwirira kolimeta sizingagwere pa chubu. Chubu chikatiwikana sosi ili kumapeto, njira yobwerera imakhala yatsekeka.

### 7. Tulutsani sosi maso ali pa mita

Lizani sayirini, yatsani nyali, ndipo pukusani mofulumira koma mosakakamiza, mukuwerenga kuti mwazungulitsa kangati. Mita iyenera kukwera kwambiri pamene sosi ikuyenda m'chubu, kenaka n'kutsika ikalowa m'kolimeta. Ngati siinakwere n'komwe, ndiye kuti mita yafa kapena sosi siinatuluke, ndipo zonse ziwirizi ndi zifukwa zoimitsira ntchito. Sosi ikafika, chokani pa chopukusira mupite pamene rediyeshoni ndi yochepa koma mukuonabe zida.

Pa chithunzi choyamba mnzanu azungulire chingwe chonse cha malire ndi mita, ali kunja kwake, ndipo alembe manambala. Pamene papitirira mlingo, bwezani sosi kaye, kenaka musunthe chingwe. Mukasintha kumene kolimeta ikulozera muyezenso, chifukwa masamu a mu ofesi saona rediyeshoni imene imanjanja pa makoma ndi pa zitsulo.

### 8. Bwezani sosi, kenaka mutsimikize kuti yabwerera

Nthawi ikakwana pukusani mobweza mpaka waya ataima, ndipo chiwerengero cha mazungulidwe chifanane ndi cha potulutsa. Mita ikwerenso pamene sosi ikudutsa m'chubu, kenaka igwe. Makamera atsopano ali ndi loko yodzitseka yokha ndi kachizindikiro kosintha mtundu sosi ikalowa, ndipo zimenezi n'zothandiza, koma palibe chimodzi mwa zizindikiro zonsezi chimene chili umboni wokwanira. Cholumikizira chikamasuka, waya amabwerera yekha bwinobwino, mazungulidwe amakwana, ndipo sosi imatsala m'kolimeta, momwe yatchingidwa moti mita ya pa chopukusira imaonetsa nambala yaing'ono yosadetsa nkhawa.

Chitani motere, mosadumpha mbali iliyonse. Nyamulani mita yoyatsa m'dzanja, patsogolo panu, maso ali pa nambala osati panjira pokha. Yandikirani kamera kuchokera kumbuyo kwake pang'onopang'ono. Yezani pa malo amene munayeza m'mawa ndipo muyerekeze ndi nambala imene munalemba. Zungulirani kamera yonse mpaka kukamwa kwake, kumene chubu chalumikizidwa, chifukwa sosi imene yalowa mosamaliza imatulutsa rediyeshoni yamphamvu kutsogolo pamene kumbuyo kukuoneka bwino. Kenaka tsatirani chubu chonse ndi mita mpaka pa kolimeta ndi kukamwa kwa kolimetayo. Mukamaliza zimenezi, khomani kamera, ndipo pamenepo m'pamene mungagwire filimu.

Samalani kwambiri ndi nambala yotsika. Ojambula ambiri amaopa mita ikakwera n'kumasuka ikaonetsa zochepa, pamene nambala yochepa kuposa ya m'mawa pathupi pa kamera ikutanthauza kuti sosi mulibemo. Makamera ambiri amatchingidwa ndi yureniyamu wochepetsedwa mphamvu, amene payekha amachititsa mita kugwedera pang'ono, choncho kamera yopanda sosi siionetsa ziro, ndipo munthu wosayerekeza manambala akhoza kunyengeka. Komanso mamita ena akale akalowa mu rediyeshoni yochuluka kuposa mphamvu yawo amasokonezeka n'kugwa mpaka pa ziro. Mita ikagwa mwadzidzidzi pamene mukuyandikira, bwererani m'mbuyo.

Zimenezi zimachitika pa chithunzi chilichonse, kaya ndi choyamba kapena cha nambala 40 cha m'bandakucha. Ku Cochabamba, m'dziko la Bolivia, mu April 2002, sosi inatsalira m'chubu wojambula osadziwa, ndipo zida zonsezo zinakwezedwa m'basi ya anthu yopita ku La Paz, kotero kuti apaulendo anayenda nayo maola ambiri ili yosatchingidwa.

### 9. Longedzani, sungani ndipo mulembe

Mukatha ntchito masulani chubu ndi waya, bwezerani zivindikiro, chotsani kiyi, ndipo muyezenso kamera isanakwere galimoto komanso ikafika kusitolo. Yendani ndi mita pamalo onse pamene munajambulira musanamasule chingwe, kenaka muuze woyang'anira malo kuti anthu akhoza kubwerera. Sitolo ikhale yokhoma, yokhala ndi chikwangwani, ndipo makiyi ake azikhala ndi anthu ochepa odziwika. Lembani m'buku nthawi, malo, nambala ya kamera, zimene mita yawerenga ndi dozi ya pa dosimita ya aliyense.

### 10. Sosi ikakana kubwerera kapena ikagwa

Musalimbane ndi chopukusira, chifukwa kukakamiza kumadula cholumikizira. Chokanipo nonse, mupite kunja kwa malire, kenaka muyeze ndi mita n'kukulitsa malirewo pamene pakufunika. Wina aime pa chingwe kuti pasalowe munthu, ndipo malowo asasiyidwe opanda mlonda ngakhale ntchito yobweza sosi itadikira mpaka mawa. Imbirani RPO ndi woyang'anira malo, ndipo RPO adziwitse bungwe loyang'anira mmene laisensi ikunenera.

Sosi imene ili mkati mwa malire otetezedwa sikuvulaza aliyense, choncho palibe chothamangira. Ntchito yoibweza ndi ya anthu amene anaphunzitsidwa zimenezo, ndipo imayamba ndi kupeza ndi mita pamene sosi ili, kulemba pulani, kuyeserera pa malo ena opanda rediyeshoni uku wina akuwerenga masekondi, ndi kugawana magawo kuti dozi isaunjikane pa munthu mmodzi. Matumba a mtovu amaikidwa pamwamba pa sosi ndi chopanira chachitali. Sosi sigwiridwa ndi dzanja ngakhale mutavala magolovesi, chifukwa pa masentimita 10 rediyeshoni imachuluka ka 100 kuposa pa mita imodzi, ndipo pakhungu penipeni masekondi ochepa amakwana kuwononga zala.

Lembani mayina a onse amene anali pafupi, pamene anaima ndi nthawi imene anakhalapo, ndipo mabaji atumizidwe kukawerengedwa mwachangu. Aliyense amene akukayikiridwa kuti walandira dozi yaikulu akaonane ndi dokotala tsiku lomwelo ngakhale akumva bwino, ndipo dokotalayo auzidwe momveka kuti nkhani ndi ya rediyeshoni. Nseru ndi kusanza zikhoza kuyamba m'maola ochepa, koma matuza ndi zilonda zimabwera patapita masiku kapena milungu, ndipo dokotala wosauzidwa akhoza kuzitenga ngati kulumidwa ndi kachilombo kapena kupsa wamba.

### 11. Tsatirani dozi ya munthu aliyense

Baji ivalidwe pathupi, pakati pa khosi ndi chiuno, nthawi yonse ya ntchito, ndipo itumizidwe kukawerengedwa pa nthawi imene laisensi yanena, imene kwa ojambula kawirikawiri imakhala mwezi uliwonse. Kampani iike mlingo wake wofufuzira umene uli pansi pa malire a lamulo, mwachitsanzo 2 mSv pamwezi, kuti munthu akaupitirira RPO akhale naye pansi n'kuona chimene chasintha pa kagwiridwe kake ka ntchito. Aliyense ali ndi ufulu woona zotsatira zake. Mayi woyembekezera akadziwitsa abwana ake, ntchito yake ikonzedwe kuti mwana wosabadwayo asapitirire 1 mSv, ndipo zimenezi zisakhale chifukwa chomuchotsera ntchito.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kudalira dosimita ya alamu m'malo mwa saveyi mita. Alamu imalira munthu atalowa kale mu rediyeshoni, ndipo m'fakitale yaphokoso, makutu atatsekedwa ndi zotetezera, kulira kwake sikumveka. Mita yosiyidwa pa chopukusira kapena yolendewera paphewa ili yozimitsa siteteza munthu.

China ndi kuvula kolimeta chifukwa ikuvuta kumangirira pa ngodya yothina. Imawonjezeradi mphindi zingapo, koma kuichotsa kumachulukitsa kanayi mtunda wa malire m'chitsanzo chathu chija, ndipo palibe amene amasunthadi chingwe kufika pamenepo.

Pali ojambula amene amasiya baji m'chikwama akadziwa kuti usiku umenewo ntchito ichuluka, poopa kuti akapitirira mlingo aimitsidwa ndipo ataya ndalama za ovataimu. Ena amaisiya m'galimoto pafupi ndi kamera, n'kumadabwa ndi dozi imene sanalandire, ndipo ena amabwerekana. Vuto loyambalo gwero lake nthawi zambiri ndi malipiro. Kampani imene imalipira ojambula potengera kuchuluka kwa mafilimu, kapena imene imalola kasitomala kufinya ntchito ya masiku awiri mu usiku umodzi, ndiyo ikuphunzitsa anthu ake kudumpha kuyeza, ngakhale malamulo ake atalembedwa bwino chotani. Wojambula aliyense akhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito popanda kudulidwa malipiro, ndipo zimenezi zilembedwe mu mgwirizano ndi kasitomala.

Kutuma wothandizira wosaphunzitsidwa kuti akasinthe filimu pamene wojambula ali pa foni kapena akudzaza mapepala ndi njira ina imene anthu amavulalira, chifukwa wothandizirayo amaganiza kuti wojambula wayeza, wojambulanso n'kumaganiza kuti wothandizira wanyamula mita. Gwirizanani mawu amodzi oti woyeza anene mokweza akamaliza, ndipo munthu asayandikire zida asanawamve.

Ambiri amaiwalanso zoyeza zimene sizichitika tsiku ndi tsiku, monga kuyeza ngati sosi ikudontha, kutumiza kamera ndi chopukusira kukakonzedwa kwa odziwa pa nthawi imene opanga ananena, ndi kuyezetsa mita satifiketi yake isanathe. Kusakaniza waya wa kampani ina ndi kamera ya kampani ina popanda chilolezo cha opanga kumabweretsa zolumikizira zooneka ngati zagwirana pamene sizinagwirane. Sosi zotha ntchito zisamangosungidwa pakona pa sitolo mpaka kuiwalika, koma zibwezedwe kwa amene anazigulitsa, ndipo mgwirizano wobweza usainidwe pa nthawi yogula sosi yatsopano.